Mapichesi Ochita Maluwa mu Epulo, Apozi Wogona Mpaka Novembala: Lipoti la Munda Wina ku Chigumula

Munda umene ukunenedwa mu lipotili uli ku Chigumula, kumtunda kwa Limbe panjira ya ku Bvumbwe. Ndi munda wa pakhomo wosakwana theka la ekala, wa zipatso zosakaniza monga alili makomo ambiri mu Blantyre muno: mitengo inayi ya mapichesi, iwiri ya mandimu, itatu ya malalanje, itatu ya mango ndi iwiri ya maapozi. Dandaulo la mayi eni munda linali lapawiri. Mu Epulo 2024, anthu ali kalikiliki ndi zokolola, mapichesi ndi mandimu anachita maluwa. Itakwana nyengo yake yeniyeni, kuyambira Julayi mpaka Seputembala, mapichesi omwewo anangochita timaluwa tapatalipatali, mtengo umodzi wa mango unatulutsa masamba okhaokha, ndipo mtengo umodzi wa apozi unangoima wopanda ndi tsamba lomwe mpaka Novembala.

Achinansi ena ankati ndi malodza, ena ankati mitengo ili ndi njala. Mayiwo anali atagula kale yureya woti amwaze paliponse, ndipo akanatero akanangowonjezera vuto pa mango ndi maapozi.

Mtengo sudziwa kuti uno ndi mwezi wanji. Chimene umamva ndi kuzizira kwa usiku, ludzu la m'nthaka, kukhwima kwa nthambi zake, ndi katundu wa masamba ndi zipatso amene wasenza. Mtundu uliwonse uli ndi chake chimene umadikira. Msangu umayoyola masamba m'dzinja anzake onse ali biriwiri, jakaranda wa m'misewu ya m'tauni amachita maluwa mu Seputembala ndi Okutobala mvula isanagwe. Choncho nyengo imodzi yomweyo ikhoza kudzutsa ndimu n'kusiya apozi ali m'tulo, mitengo iwiriyo itangotalikirana mapazi khumi. Wofufuza asayambire pa maluwa. Afunse zimene zinachitikira mtengowo miyezi itatu mpaka isanu m'mbuyomo: masamba anathothoka liti, unaphukira liti komaliza, unamwa liti madzi, unaduliridwa liti, zipatso zomaliza zinathyoledwa liti.

Munda unayenderedwa katatu, kumapeto kwa Epulo, pakati pa Ogasiti ndi mu Novembala. Zida zake n'zochepa: mpeni wakuthwa, khasu lokumbira kadzenje ka masentimita 30 kumapeto kwa mthunzi wa mtengo kuti muone chinyezi, ndi chikhadabo chopalira khungwa.

Mapichesi

Diso la duwa la pichesi silipangidwa mu Julayi pamene timaliona likutseguka. Limapangidwa m'dzinja, pa nthambi zanthete zimene zaphuka chaka chomwecho, m'khwapa mwa tsamba. Mukayang'anitsitsa pamfundo mumapeza maso atatu atagundizana, awiri onenepa a maluwa m'mbali ndi limodzi lowonda la tsamba pakati. Likangopangidwa limakhala duu, ndipo chimene chimaligwira poyamba ndi tsamba la pambali pake pamodzi ndi nsonga ya nthambi. Pofika cha m'ma Meyi, masiku akamafupika n'kuyamba kuzizira, diso limalowa m'tulo tina tozama tochokera m'kati mwake, timene timatha ndi kuzizira basi. Pakati pa ziwirizi pali mpata. Masamba akathothoka diso lisanalowe m'tulo tozamato, pansi pali chinyezi kunja kukutentha, palibenso choligwira ndipo limatseguka.

N'zimene zinachitika pano. Masamba ochepa amene anatsala mu Epulo anali ndi madontho achikasu pamwamba, kunsi kwake timatuza ta ufa wofiirira umene umatsalira pa chala mukapukuta. Imeneyi ndi nthenda ya dzimbiri, yomwe imakonda chinyezi cha m'dzinja. Masamba ofooka kalewo anapezana ndi ng'amba ya El Niño ya mu Januwale ndi Febuluwale 2024, ija inachititsa kuti mu Malichi boma lilengeze zoti maboma 23 mwa 28 ali pa tsoka. Mitengo itatu inayoyoka pafupifupi yonse. Chinyezi chitabwerera, maso anatseguka. Wachinayi uli pafupi ndi thanki ya madzi ndipo pansi pake panali pophimbidwa ndi udzu. Umenewu unasunga masamba mpaka Meyi, sunachite duwa ndi limodzi lomwe mu Epulo, ndipo mu Ogasiti unavala maluwa thupi lonse. Mtengo umenewu wokha ndi umboni wokwanira kuti vuto silinali feteleza.

Kuipa kwa maluwa a mu Epulo kuli pawiri. Tizipatso take timakula m'kuzizira kwa Juni ndi Julayi, mtengo ulibe masamba otidyetsa, ndiye tambiri timagwa ndipo totsala timakhala ting'onoting'ono. Chachiwiri n'chachikulu: pichesi amabereka pa nthambi ya chaka chimodzi yokha, ndipo diso limene latseguka silibwereranso pamfundo yomweyo. Duwa lililonse la mu Epulo ndi pichesi wa mu Novembala amene watayika. Kuthothola maluwawo sikubweza maso, kungoti kumasunga mphamvu za mtengo, choncho tizipatso tonse tinachotsedwa.

Ntchito yeniyeni ndi yosunga masamba mpaka Meyi. Mukangomaliza kuthyola mapichesi, yambani kupopera mancozeb, amene ambiri amamudziwa ngati Dithane M-45, magalamu 2 pa lita imodzi ya madzi, kutanthauza magalamu 32 mu sipuleya ya malita 16, masiku 14 aliwonse mvula ikamagwa. Lozetsani kunsi kwa masamba chifukwa n'komwe dzimbiri limakhala. Musapopere mankhwala a kopa pa pichesi wa masamba, ngakhale mutatsala nawo a tomato: kopa amawotcha masamba a pichesi n'kuwathothola, ndiye mwadzibweretsera nokha vuto limene mukuthawa. Masamba akugwa asesedwe n'kukwiriridwa. Ng'amba ikapitirira masiku khumi m'dzinja, mtengo uliwonse ulandire zidebe ziwiri kapena zitatu za malita 20 pa sabata, ndipo pansi paphimbidwe ndi udzu wochindikala masentimita 10, osagunda thunthu kuopa chiswe. Mu Juni dulirani pakati kuti mphepo izidutsa.

Mandimu ndi malalanje

Apa palibe nthenda. Mitengo ya banja la mandimu silowa m'tulo tozama ngati ta pichesi. Chimene chimakonza maluwa ake ndi kuzizira kapena ludzu la masabata anayi kapena asanu, ndipo ikangomwa madzi pambuyo pa ludzulo maluwa amatuluka pakatha masabata atatu kapena anayi. Chaka chabwinobwino zonse ziwiri zimabwera pamodzi mu Juni ndi Julayi, maluwa n'kutuluka kukayamba kufunda kapena ikagwa chizimalupsa. N'chifukwa chake manachesi a ku Mwanza ndi Neno amadzaza misika ya Limbe ndi Blantyre m'miyezi yozizira ya chaka chotsatira. Ng'amba ya Febuluwale inali ngati chilimwe chaching'ono pakati pa dzinja, ndipo mandimu anaitenga choncho. Alimi a ku Sicily, chilumba cha ku Italy, amachita zimenezi mwadala: amasiya kuthirira mandimu kwa mwezi ndi masiku angapo m'chilimwe chawo, kenaka n'kuthirira, kuti adzakolole mandimu otchedwa verdelli pa nthawi imene ena alibe.

Nanga malalanje, amene anamva ludzu lomwelo, bwanji awiri sanachite kanthu? Anali atasenza zipatso za maluwa a chaka chatha. Chipatso chimene chikukula, makamaka njere zake, chimatulutsa mankhwala achilengedwe a m'zomera otchedwa gibberellin, amene amaletsa maso a pafupi kusanduka maluwa. Lalanje lachitatu lili pamwala pomwe dothi ndi losaya, linali ndi zipatso zowerengeka, ndipo ndi lokhalo limene linachita maluwa pang'ono.

Pa mandimu maluwa amenewa ndi phindu, asiyeni, chifukwa zipatso zake zimapsa msika ulibe mandimu ambiri. Pa lalanje ndi bwino kuwathothola. Malalanje a maluwa a mu Epulo amakhwima kukutentha, khungu limakhala lochindikala ndipo silisintha mtundu popeza chikasu cha lalanje chimafuna usiku wozizira. Komanso akakhala mumtengo mu Ogasiti amachepetsa maluwa a nyengo yeniyeni. Wofuna kuyesa njira ya ludzu pa mandimu asachite pa mtengo wosakwana zaka zinayi kapena wodwala, ndipo asabwereze chaka ndi chaka. Masamba akayamba kupezeka opindika ngakhale m'mamawa, ludzu lakwana; thirirani pang'ono tsiku loyamba, mokwanira pakatha masiku awiri. Mukadikira mpaka masamba kugwa mwapha mizu yaing'ono.

Mango

Mitengo itatu, zifukwa zitatu zosiyana. Mango sakula tsiku ndi tsiku, amakula mopumira. Nsonga imadzuka, imatulutsa kanthambi ka masamba ofiirira olendewera, amasanduka obiriwira motuwa, kenaka obiriwira kwambiri ndi olimba, nsongayo n'kupumanso. Kuphukira kulikonse kumasiya masamba othithikana ngati mphete kumapeto kwake, moti mukhoza kuwerenga chammbuyo kuti nthambi yaphukira kangati. Tsamba lokhwima mukalifinya m'manja limalira n'kusweka, lanthete limangopindika.

Kuzizira kwa Juni ndi Julayi n'kumene kumabweretsa maluwa a mango kuno kumtunda, koma pali mfundo imene ambiri saidziwa: nsonga iyenera kudzuka kuzizirako kudakalipo. Ikadzuka usiku ukutsika kufika pa madigiri 15 kapena pansi, masana ali cha pa 20, imatulutsa ngala ya maluwa. Ikadzuka masana ali pa 30 usiku pa 25, imatulutsa masamba. Pakatikati pamatuluka ngala yosakaniza, maluwa ndi timasamba pamodzi. Uthenga woti diso likhale duwa umapangidwa m'masamba okhwima n'kuyenda m'khungwa mpaka kunsonga, pamene gibberellin wochuluka m'nthambi zanthete amalimbana nawo. Ku Chileka ndi ku Lunzu, kumene n'kotsika ndiponso kotentherapo, kukhwima kwa nthambi kumafunika kwambiri kuposa ku Chigumula. Kumeneko nthambi imafuna kupuma miyezi inayi kapena isanu isanathe kupereka maluwa.

Mtengo woyamba ndi Tommy Atkins womezanitsa, uli kuseri kwa bafa ndipo madzi osamba amathera pamizu pake tsiku lililonse. Kumayambiriro kwa Epulo unaduliridwa chifukwa unkaphimba dimba, n'kuthiridwanso yureya wotsala wa chimanga. Madzi, nayitirojeni ndi mpeni pamodzi zinaudzutsa kumapeto kwa Epulo kudakali kofunda, ndipo unatulutsa masamba nsonga zonse. Miyezi yonse yozizira unali kupuma n'kukhwimitsa masamba amenewo. Pomwe unkadzukanso kunali kutatentha kale, n'kutulutsanso masamba. Ndi mtengo wathanzi kuposa yonse m'mundamo, wobiriwira mochititsa kaso, ndipo thanzi lomwelo ndi limene linaulepheretsa kubereka.

Wachiwiri ndi Boloma wamkulu wamakolo. Mbali imodzi inali maluwa okhaokha, ina ayi. Mbali yopanda maluwayo ndi imene inabereka kwambiri chaka chatha, zipatso n'kukhalamo mpaka kumapeto kwa Januwale, timitengo touma ta ngala n'kusiyidwa pomwepo. Nthambi zotere zimachedwa kuphukira ndipo chakudya chosungidwa chimakhala chitatha. Kubereka modumphitsa chaka kumeneku kumachitika nthambi ndi nthambi, si nthenda ayi.

Wachitatu ndi Kent, amene mayiwo ankati wachita maluwa mochedwa mu Seputembala. Zoona zake n'zakuti anachita kawiri. Ngala zoyamba zinatuluka mu Julayi, zinagwidwa ndi ufa woyera wa nthenda ya powdery mildew m'masiku a chiperoni, zinauma n'kuyoyoka osasiya chipatso. Ngala ya kunsonga ikafa msanga, maso a m'munsi mwake amamasuka, ndipo ngati usiku udakali wozizirirapo amatulutsa ngala zina zing'onozing'ono. Timitengo takuda ta ngala zoyamba tinali tidakalipo mu Ogasiti kwa woyang'ana pafupi. Mankhwala ake ndi salufa wosungunula m'madzi, magalamu 2 mpaka 3 pa lita, ngala zikangotuluka maluwa asanatseguke, n'kubwereza pakatha masiku 10 mpaka 14. Poperani m'mawa kapena madzulo, osati dzuwa likuswa mtengo, chifukwa salufa amawotcha kukatentha kupitirira madigiri 30.

Ndondomeko imene inaperekedwa pa mango onse ndi yofuna kuti mtengo uphukire kamodzi, msanga, nsonga zonse pamodzi. Kuthyola kuthe pofika Januwale. Sabata yomweyo dulani timitengo ta ngala pamodzi ndi kansonga ka nthambi, ndipo feteleza ndi manyowa zithiridwe nthawi imeneyi: zidebe zitatu kapena zinayi za manyowa owola ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi ya NPK pa mtengo waukulu, m'kangalande kozungulira kumapeto kwa mthunzi. Febuluwale akatha, nayitirojeni asafikenso pamizu, nthambi zisaduliridwenso. Kuyambira Meyi musathirire mpaka ngala zitatuluka, kenaka yambiraninso tizipatso tikagwira. Madzi a kubafa anapatutsidwa ndi ngalande kupita ku nthochi, zimene zimawafuna.

Pali mankhwala awiri amene anthu amafunsa. Potassium nitrate, amene Ramon Barba wa ku Philippines anatulukira ntchito yake pa mango m'zaka za m'ma 1970, amapoperedwa pa masamba, magalamu 20 pa lita kapena 320 mu sipuleya ya malita 16. Koma iye amangodzutsa diso, sasankha chimene chituluke. Pa nthambi yokhwima m'nyengo yozizira mupeza maluwa. Pa nthambi yanthete mupeza masamba ena, ndalama zitapita. Yesani kaye pa nthambi imodzi. Paclobutrazol amachepetsa gibberellin ndipo amagwiradi ntchito m'minda ikuluikulu, koma amakhalitsa m'nthaka n'kupinimbiritsa mbewu zoyandikana nazo, choncho pakhomo pamene pali dimba la ndiwo pansi pa mitengo sayenera.

Za kutema thunthu ndi chikwanje, makolo anaonapo kanthu koona. Khungwa likadulidwa, chakudya chochokera m'masamba chimaunjikana kumtunda kwa bala ndipo nthambiyo imafulumira kuchita maluwa. Koma mabala a chikwanje ndi khomo la nthenda ndi mbozi zoboola. Ngati n'kofunika, lembani mzere umodzi wozungulira wa mamilimita atatu, khungwa lokha osafika pamtima, pa nthambi zonenepa ngati mkono, zosapitirira theka la nthambi za mtengo, cha mu Epulo kapena Meyi. Thunthu lisakhudzidwe. Kukhomera msomali pa thunthu kulibe chimene kumachita.

Apozi wokana kudzuka

Choyamba chinali kuona ngati uli moyo. Khungwa litapalidwa ndi chikhadabo, pansi pake panali pobiriwira ndi ponyowa mpaka kunsonga. Maso atang'ambidwa ndi mpeni chamlitali, ambiri anali obiriwira m'kati, owerengeka okha ndiwo anali abulawuni, kutanthauza akufa. Kenaka timitengo titatu ta masentimita 30 tinaikidwa m'botolo la madzi m'chipinda chofunda, madzi akusinthidwa masiku awiri aliwonse. Diso limene likungodikira kufunda kapena madzi limatupa pasanathe masabata atatu. Apa panangodzuka maso a kunsonga okha. Mtengowo unali udakali m'tulo tozama.

Mbiri yake inamveketsa zonse: unamera kuchokera ku njere ya apozi wogula m'sitolo. Maapozi ambiri a m'masitolo athu amachokera ku South Africa, kumadera ngati Ceres ndi Elgin kumene kumazizira kwambiri kuposa kuno. Alimi amawerenga kuzizira kumene mtengo ukufuna m'maola amene kwatsika pansi pa madigiri 7. Mitundu ngati Golden Delicious imafuna maola oposa 600, pamene Anna ndi Dorsett Golden amakhutira ndi 200 mpaka 300, ndipo kwa iwo ngakhale usiku wa madigiri 10 kapena 12 umathandizako. Mu Blantyre usiku wotsika pansi pa 7 ndi wosowa, komanso masana otentha amafufuta kuzizira kumene mtengo unasonkhanitsa usiku. Zotsatira zake zinaoneka mu Novembala: timasamba tochepa kunsonga ngati tsache, m'munsi monse muli ndodo, khungwa la mbali ya dzuwa litapsa, ndipo mphukira zamphamvu zikuchokera patsinde. Yureya akanangolimbikitsa mphukira zimenezi.

Mtengo winawo ndi Anna womezanitsa. Unadzuka mu Ogasiti bwinobwino, koma zipatso zinagwira zochepa popeza unalibe mnzake wochita naye maluwa pa nthawi imodzi.

Njira zothandizira apozi m'dziko lotentha zimadalira mpata womwe uja unapweteka mapichesi. Ku Batu, pa chilumba cha Java ku Indonesia, alimi amathothola masamba onse ndi manja patatha pafupifupi mwezi atakolola, maso asanalowe m'tulo tozama, ndipo amakolola kawiri pa chaka popanda chisanu. Kwa Anna wa kuno, lekani kuthirira mu Meyi, thotholani masamba otsala kumapeto kwa Juni, dulani tinsonga, ndipo weramitsani nthambi ndi zingwe zomangirira pa zikhomo kuti zigone chopingasa. Nthambi yoima imapatsa mphamvu zonse diso la kunsonga, limene limapondereza anzake a m'munsi. Ikagona maso amadzuka mofanana. Diso louma mutu mukhoza kulidzutsa pocheka khungwa kachidutswa kakang'ono pamwamba pake penipeni. Thunthu ndi nthambi zopanda masamba zipakidwe laimu wosungunula kuti zisapse. Mankhwala a hydrogen cyanamide, amene minda ikuluikulu ya ku South Africa imagwiritsa ntchito podzutsa maso, ndi poizoni woopsa pakhungu ndi m'mapapo, makamaka kwa munthu amene wamwa mowa. Asafike pakhomo pamene pali ana ndi nkhuku.

Kwa mtengo wa njere uja zonsezi n'zongochedwetsa. Mizu yake ndi yabwino, mutu wake ndi umene si wa kuno, ndiye njira yake ndi kuumezanitsa. Timitengo ta Anna tili pomwepo, ndipo za Dorsett Golden, amene adzathandizenso mungu pa mitengo yonse iwiri, ndi bwino kufunsa ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Bvumbwe, amene ali pafupi ndipo ntchito ya zipatso ndi yawo. Nthawi yake ndi kumapeto kwa Julayi mpaka kumayambiriro kwa Ogasiti, maso asanatupe. Sankhani nthambi zitatu kapena zinayi zonenepa masentimita 3 mpaka 5, dulani ndi sowo chopingasa, ng'ambani pakati kuzama masentimita 4. Kamtengo kolowetsa kakhale konenepa ngati pensulo, ka maso atatu, kosongoledwa mbali ziwiri ngati nkhwangwa. Lowetsani tiwiri, kena mbali ino kena mbali inayo, ndipo chobiriwira cha pansi pa khungwa la kamtengo chigundane ndi cha nthambi. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa poika kamtengo pakati pa thabwa. Mangani ndi pulasitiki molimba, matani pamwamba ndi phula kuti madzi asalowe, ndipo siyani nthambi imodzi yakale yosadula kuti izidyetsa mizu mpaka chaka chamawa. Mphukira zonse zotuluka m'munsi mwa pomezanitsa zizichotsedwa ndi chala sabata iliyonse, ndipo pulasitiki imasulidwe pakatha masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu isanayambe kudya khungwa.